"Ni foni iyo?" Kachipangizo ka mabuku kamene kakambitsa anthu osadziwana

Mu minibasi za mu Lusaka muli lamulo limene palibe analilemba koma aliyense alidziwa: munthu akagwila foni, musiyeni. Olo mupanikizane anayi pa mpando umodzi, bondo pa bondo, maso anu saloledwa kugwela pa sikilini ya mnzanu. Akakupezani musuzumila mu WhatsApp yake, mumathawitsila maso pa windo ngati kuti pa Great East Road pachitika zachilendo. Koma chotsani mu chola kachipangizo kopyapyala ka sikilini yotuwa ngati nyuzipepala, muyambe kuwelenga. Basi isanafike pa stesheni yachitatu, wina amakhala atalephela kale kupilila.

"Ba sister, ni foni iyo?"

Si foni. Ni e-reader, kachipangizo kamene nchito yake ni imodzi chabe, kusunga mabuku na kukuonetsani tsamba limodzi-limodzi. Yodziwika kwambili ni Kindle ya kampani ya Amazon, imene inatuluka koyamba ku America mu November 2007 pa mtengo wa madola 399. Palinso Kobo ya ku Canada, imene kuyambila mu 2012 ili m'manja mwa kampani ya ku Japan ya Rakuten. Ku maiko kumene tuzipangizo utu twakhala zaka zambili, palibe amatembenuka akakaona. Kuno kwathu mungazungulile tauni mwezi wathunthu osakumana na munthu amene ali nako, ndipo amene ali nako amakhala ngati mayi wobeleka khanda la mawiki awili: aliyense afuna avundukule chitenge aone nkhope.

Chodabwitsa ni chakuti kachipangizo aka anakapangila munthu wofuna kukhala yekha na buku lake, popanda mauthenga kapena foni yolila. Mu Lusaka kasanduka choyambitsa macheza, kopikisana na nkhani ya mpila.

Ilibe WhatsApp?

Mafunso amabwela motsatizana ngati kuti anthu anapangana. Likatha la foni, lotsatila ni lakuti, "Ili na WhatsApp?" Mukayankha kuti awe, ilibe WhatsApp, ilibe TikTok, ilibe na kamela yomwe, nkhope ya wofunsa imagwa. Ena amakumvelani chifundo cheni-cheni. "Manje munagulila chani? Kapena banakugong'ani?"

Apa ndiye pamene nkhani imayamba kukoma, chifukwa kuti mudziteteze muyenela kumuonetsa. Akayang'anitsitsa amaona kuti zilembo siziwala ngati za pa foni, zili ngati zodindidwa pa pepala. Ena amayesa kuzipukuta na chala. Luso limeneli dzina lake ni E Ink. Linachokela ku sukulu yaikulu ya MIT ku America, kampani yake inayamba mu 1997, ndipo a Sony ndiwo anayamba kuliika mu chowelengela mabuku mu 2004 ku Japan. Mkati mwa sikilini muli tumatumba mamiliyoni tosaoneka na maso, ndipo kathumba kalikonse kali na tufumbi toyela na tufumbi takuda. Mukatembenuza tsamba, magetsi amakankhila takuda pamwamba pamene pafunika chilembo, toyela pamene pafunika kuoneka pepala. Tsamba likakhazikika limangokhala, silidyanso batile mpaka mutatembenuza lina. Ndiye chifukwa chake pa dzuwa la mu October pa Kulima Tower, pamene wa foni aphimba sikilini na dzanja kuti aone uthenga, wa e-reader awelenga bwino-bwino.

Koma chimene chimatembenuza basi yonse ni batile. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, malo ambili anali kukhala opanda malaiti mpaka maola 21 pa tsiku. Tonse tinaphunzila kuyenda na chaja mu thumba na kupempha soketi ku barbershop, ku chalichi, olo pa nyumba ya malilo. Kwa anthu amene anadutsa mu zimenezo, kumva kuti pali chinthu chimene mumachaja kamodzi n'kukhala nacho mawiki angapo ni nkhani yofuna mboni. Mudala wa pa mpando wakumbuyo, amene anali ngati agona, amadzuka. "Mwati mawiki? Bwezanipo futi." Na kondakita yemwe amaiwala chenji ya munthu, kapena tinene kuti amapeza chifukwa chatsopano choiwalila.

Mubelenga chani?

Ku London na ku New York okonda mabuku amadandaula zosiyana na izi. Iwo ati e-reader inapha macheza a mu sitima. Kale chikuto cha buku chinali kukamba chokha. Ukaona mlendo ali na buku limene unawelengapo, unali na poyambila. Manje aliyense agwila kagalasi kofanana, ndipo sudziwa ngati awelenga Baibo kapena zachikondi zotentha. Ambili anakondwela nazo zimenezi. Pamene Fifty Shades of Grey inali m'kamwa-m'kamwa mu 2012, manyuzipepala a kumeneko analemba kwambili za azimayi amene anali kuiwelenga pa Kindle popanda woyandikana naye kudziwa. Ku Japan manyazi amenewa anawapezela njila kale-kale: mukagula buku, wa mu sitolo amakufunsani ngati mufuna alikute na pepala.

Ife kuno sindife anthu oona chinthu n'kukhala chete. Buku la pepala limayankha lokha funso. Munthu amawelenga mutu pa chikuto, n'kugamula mu mtima kuti uyu ni wa pa UNZA kapena pa Evelyn Hone, ali na mayeso, tisamusokoneze. Pa e-reader chikuto sichioneka, ndiye njila yotsala ni kufunsa. "Manje mubelenga chani?"

Funso ili lilibe yankho lalifupi. Mukachula chabe mutu wa Chizungu, wofunsa amangoti "oho", osakhutila. Muyenela kusimba nkhani. Tiyelekeze muli pakati pa The Old Drift, buku la mu 2019 la Namwali Serpell, mwana wobadwila mu Lusaka muno, limene linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. La pepala lake lili na masamba oposa 500, lolemela ngati buloko, koma apa labisala mu kanthu kolowa mu thumba la jekete. Mumayamba kufotokoza kuti muli Kalingalinga, muli damu la Kariba, muli na Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi uja amene mu 1964 anauza dziko lonse kuti Zambia idzatumiza anthu ku mwezi na ku Mars, ndipo anali kugubuduza ophunzila ake mu madilamu pa chitunda kuti azolowele za mumlengalenga. Mukachula dzina limenelo, iwalani zowelenga. Wina ati anali wofuntha. Wina ati anali kuseka azungu iwo osazindikila. Wachikulile amakumbutsa onse kuti munthu uyu anamenyela ufulu wa dziko lino, musamuseke. Imwe eni buku mumangomvetsela, tsamba lili pomwe munalisiya.

Kapena fotokozelani amayi ogulitsa pa Soweto nkhani ya A Cowrie of Hope, buku la Binwell Sinyangwe la mu 2000. Ni ya mayi wamasiye wa kumudzi amene abwela ku Lusaka na thumba limodzi la binzi kuti apeze ndalama za sukulu ya mwana wake wamkazi, ndipo tambwali amuthawila nalo osalipila. Amayi aja safunika kuuzidwa kuti ni buku labwino. Afuna kudziwa chimodzi chabe: "Anamugwila?"

Pa mseu wa ku Chipata

Macheza okhalitsa amachitika pa maulendo aatali. Kuchoka pa Intercity kukafika ku Chipata ni makilomita pafupi-fupi 570, tsiku lathunthu pa mpando umodzi na munthu amene simunamuonepo. Mlaliki akatsiliza pemphelo n'kuseluka, aliyense amagwila foni yake. Koma basi ikalowa mu mapili oyandikila Luangwa Bridge, netiweki imayamba kubwela na kupita, mabatile amafiila, ndipo pofika pa mlatho pogula nsomba youma ambili amakhala atabweza mafoni mu thumba. E-reader siifuna netiweki. Mabuku alimo kale, masauzande ngati mufuna. Woyandikana nanu, amene wakhala akuyang'ana mozemba kuchokela pa Chongwe, apa ndiye amatsegula pakamwa.

Akakhala wachikulile, funso lake limadziwika. "Muli Baibo umu, mwana wanga?" Ingalowe, ndipo imatenga malo ochepa. Koma chimene chimawagwila mtima achikulile si kuchuluka kwa mabuku. Ni zilembo. Pa e-reader mungakulitse zilembo mpaka mizele yowelengeka chabe idzaze tsamba lonse. Ganizilani ambuya amene anasiya kuwelenga zaka zapitazo chifukwa maso anafooka, magalasi anasweka, ndalama yogulila ena sinapezeke. Apatseni kachipangizo, mukulitse zilembo, muone. Amayamba na milomo chabe, kenako mawu amatuluka, chala chili kutsatila mzele. Chala chija chikakhudza sikilini tsamba limathawa, amadzidzimuka, mumawabwezela, nonse mumaseka. Pofika pa Nyimba pogula nthochi mwadziwa kale maina a adzukulu awo onse, na nkhani ya munda imene apitila kumudzi.

Wa sukulu amakopeka na zina. Mukasindikiza chala pa liwu lovuta la Chizungu, tanthauzo lake limatulukila pomwepo popanda kudya bando. Koma muuzeni zoona asanayambe kuvutitsa makolo: manotsi a PDF na mapepala a mayeso akale amaoneka tung'ono-tung'ono pa sikilini ya mainchi 6, ndipo zithunzi na matebulo zimavuta. Kachipangizo aka kamakoma na mabuku a nkhani.

Si onse ofunsa ali na cholinga chabwino

Tisanamizane, si macheza onse amene amakoma. Azimayi adziwa. Pali amuna amene buku alibe nalo nchito, kachipangizo ni poyambila chabe. Amayamba na "ni chani ichi", mphindi ziwili zisanathe afika pa "nipaseniko namba, muzinitumilako mabuku". Mkazi amene watulutsa buku kuti apumule pambuyo pa tsiku lonse la nchito sakakamizidwa kucheza na aliyense. Kuyankha kamodzi mwaulemu, "ni ya mabuku chabe, ba boss", n'kubweza maso pa tsamba ni kokwanila, ndipo mwamuna wanzelu amamva. Ena amavala mahedifoni opanda nyimbo kuti apeze mtendele. Kwa imwe ofunsa, yang'anani kaye. Ngati munthu wakweza mutu n'kumwetulila, pitilizani. Ngati wayankha maso ali pa tsamba, mwauzidwa kale.

Ndiye pali akawalala. Kawalala wa pa windo sadziwa kuti chinthu ichi chilibe WhatsApp, iye aona tabuleti. Pa jamu ya mu Lumumba Road kapena polowa pa City Market, kuwelengela pa windo lotsegula ni kudziputila dala. Pamene iye adzazindikila kuti anyamata a mafoni a mu Katondo Street alibe nacho chidwi, imwe mudzakhala mutalila kale. Mu mseu womwewo muli laibulale ya khansolo, ngakhale kuti ambili opita ku Katondo sapitila mabuku. Kupatsa mlendo kuti agwileko kulibe vuto basi ili pa liwilo. Pa stesheni, pafupi na chitseko, agwile na maso.

"Muli na kaso"

Funso la mtengo sililephela. Amazon ilibe sitolo mu Zambia, ndiye tuzipangizo tambili timabwela na wachibale wochokela ku UK, ku America kapena ku Johannesburg, kapena kupitila mwa anthu oitanitsa katundu. Kindle yochipa kwambili ku America ili pa madola pafupi-fupi 110. Ikanipo za mayendedwe na msonkho, musinthe mu makwacha, mupeza ndalama imene banja la mu komboni lingagulile matumba angapo a unga. Mukachula mtengo pamakhala kachete kena, ndipo wina amang'ung'udza kuti "ivi ni va apamwamba". Sananame kweni-kweni. Na mabuku ake ogula amafuna khadi ya ku banki, pamene ambili a ife ndalama zathu zili mu mobile money.

Yankho loona ni lakuti simufunika e-reader kuti muwelenge buku pa sikilini. Foni imene muli nayo ikwanitsa. Mu 2014 bungwe la UNESCO linatulutsa lipoti litafunsa anthu oposa 4,000 owelenga pa mafoni mu maiko 7, kuphatikizapo Zimbabwe, Kenya na Nigeria, ndipo linapeza kuti akazi akayamba kuwelenga pa foni amathelapo nthawi yaitali kuposa amuna. Project Gutenberg, imene inayamba mu 1971, ili na mabuku akale oposa 70,000 aulele. Vuto la foni ni lakuti buku limapikisana na gulu la WhatsApp la banja, la chalichi na la chilimba, ndipo buku ndilo limagonja. Kwa ine, apo ndiye pali phindu leni-leni la kachipangizo kosadziwa china chilichonse.

Pali chimodzi chimene chimakhumudwitsa wofunsa, ndipo sitingamuimbe mlandu. Mwamusimbila nkhani, yamukomela, ati, "Nitumileniko." Simungathe. Mabuku ambili ogulidwa pa Kindle ni okhomedwa ku akaunti ya wogula. "Ah, muli na kaso imwe." Mudzamufotokozela bwanji munthu amene anakulila mu komboni mmene buku limodzi la James Hadley Chase kapena la Pacesetters linali kuzungulila nyumba khumi mpaka chikuto kuthothoka, masamba othela kusowa? Buku la pepala tinali kubwelekana ngati sefa ya unga. Ili la manje ni la munthu mmodzi, ndipo apa kachipangizo aka kasemphana na khalidwe lathu. Ma PDF akuba amene amayenda pa WhatsApp amatseka mpata umenewo, koma wolemba, maka-maka wa kuno kwathu amene anadzilipilila yekha kudinditsa buku, sapatapo olo ngwee imodzi.

Nanga ya Chinyanja?

Funso lovuta kuposa onse limabwela mochedwa, nthawi zambili kuchokela kwa munthu amene anali chete. "Ya Chinyanja ilimo?" Apa mwini kachipangizo amayamba kukanda mutu. Za ana zilipo. African Storybook, nchito imene inayambila ku South Africa, ili na tunthano taulele mu zinenelo zambili za mu Africa, na Chinyanja chomwe. Baibo ipezeka. Koma buku la akulu, la chikondi, la kawalala na kapokola, la apongozi ovuta, lolembedwa mu chinenelo chimene tikamba mu basi, mudzalifuna mpaka kutopa. Mabuku a Chinyanja amene makolo athu anawelenga ku sukulu, odindidwa na Kenneth Kaunda Foundation imene manje ni ZEPH, ambili simungawapeze mu masitolo a mabuku a pa intaneti.

Mu 2014 boma linayamba kuphunzitsa ana a magiledi oyambilila mu zinenelo za kumaloko, ndipo ku Lusaka na ku Eastern chinali Chinyanja. Ana oyamba aja manje ni akulu-akulu, ali na mafoni m'manja. Adziwa kuwelenga Chinyanja, koma chowelenga chawo ni mauthenga na mikangano ya pa Facebook. Komatu buku la mawu okha-okha ni kafayilo kochepa kuposa kavidiyo kamodzi ka pa TikTok, ndipo wolemba safunikanso makina odindila kapena shelefu mu sitolo ya ku Manda Hill.

Pakali pano anthu apeza njila yawo. Lowani na e-reader mu saluni ya ku Chilenje kapena ku Mtendere pa Chiwelu, tsiku loluka tsitsi la maola anayi. Oluka manja ali pa nchito, maso ali pa mutu wanu, koma makutu alibe chochita. Sipatenga nthawi. "Tibelengeleniko mokweza, naise timveleko." Buku ni la Chizungu, ndiye mumawelenga ndime imodzi chamumtima n'kuimasulila mu Chinyanja cha mu tauni, kuthilako na mchele wanu. Achikulile amene anamvelako Julius Chongo akusimba nkhani pa wailesi mu Poceza M'madzulo angazindikile zimene zichitika apa. Wodikila pa benchi amasendela pafupi, wa mu dryer amatulutsa mutu kuti amve bwino. Mukafika pamene mwamuna wa mu buku wanamiza mkazi wake kuti anali ku nchito, chipeso chimaima mu tsitsi, ndipo simupitiliza mpaka saluni yonse itagamula mlandu wake.